Msonkhano wa kalabu pa foni: tiuyendetse bwanji, ndipo ofuna kulemba novelo tiwaphunzitse chiyani?

Mlembi wa kalabu, Kapata

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kalabu yathu yothandiza anthu muno mu Chipata ili ndi mamembala 24, koma ena ali ku Katete, ena ku Lundazi, atatu ku Lusaka. Mwezi wamawa tikufuna kukumana pa intaneti. Nkhani ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya kalabu: zopereka za mwezi ndi makope a ana amasiye. Yachiwiri ndi phunziro la achinyamata 8 amene akufuna kulemba novelo, ndiye kuti nkhani yaitali, m'chinenero chathu. Ambiri ali ndi mafoni okha ndipo data ndi yodula. Tigwiritse ntchito WhatsApp, Zoom kapena Google Meet? Nanga pa ola limodzi tingaphunzitse chiyani choti wolemba wongoyamba akachigwiritse ntchito mawa lake?

Wokonza mafoni ndi makompyuta, Chipata

A Mlembi, tiyambe ndi chiwerengero chanu. WhatsApp imalola anthu 32 pa kuimbirana kwa gulu. Mamembala 24 ndi achinyamata 8 akwana 32 ndendende, ndiye mphunzitsi akangobwera wina atsala panja. Zoom yaulere imatenga anthu 100 koma imaduka pakatha mphindi 40. Google Meet yaulere imatenganso anthu 100 ndipo gulu limakhala mphindi 60. Ngati simukufuna kujambula mawu, tengani Google Meet. Ngati mukufuna kujambula kuti amene netiweki inawataya adzamvere pambuyo, tengani Zoom, koma woyendetsa akhale pa laputopu, chifukwa Zoom yaulere sijambula pa foni. Konzani malinki awiri, wina wa nkhani za kalabu, wina wa phunziro, ndipo pakati muikepo mphindi 10 zopuma.

Makamera onse azimitsidwe. Mawu okha pa Zoom amadya pafupifupi MB 40 pa ola, pamene kamera ikayaka ola lomwelo lingadye MB 500 kapena kuposa. Uzani aliyense akhale ndi MB 150 komanso azimitse kudzitsitsira zithunzi kwa WhatsApp, chifukwa bandulo nthawi zambiri imathera kumeneko munthu osadziwa. Amene ali ndi masimu awiri, kaya Airtel, MTN kapena Zamtel, ayese dzulo lake pamalo pomwe adzakhale ndi pa ola lomwelo. Netiweki ya m'mawa si ya madzulo.

Chimene chimaononga misonkhano yambiri ndi kulira kwa mawu. Anthu awiri akakhala m'chipinda chimodzi, aliyense ndi foni yake yotsegula sipika, mawu otuluka m'foni ina amalowa mu maikolofoni ya inzake nabwerera, mpaka onse amangomva mluzu. Amene ali pamodzi ku Katete agwiritse foni imodzi. Ena onse avale mahedifoni ndi kutseka maikolofoni pamene sakulankhula.

Wapampando asakhale yemweyo wolowetsa anthu. Sankhani munthu wina woti azilowetsa ochedwa, kutseka mamaikolofoni oiwalika ndi kuwerenga zolembedwa pa chat. Akhale ndi pawa banki yodzaza, ndipo pa Meet kapena Zoom msonkhano ukhale m'manja mwa munthu amene foni yake singazime magetsi akapita.

Mphunzitsi wopuma wa Chinyanja, Katete

Zikomo a Mlembi pofunsa funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa. Amaitana munthu kuti alankhule ola lonse za ubwino wa kulemba, achinyamata amawomba m'manja, sabata ikatha palibe walemba tsamba. Ola lanu lithere pa masamba amene iwo alemba kale. Masiku 7 msonkhano usanachitike, aliyense atumize pa gulu la WhatsApp mawu 500 oyambira nkhani yake. Amene alemba pa kope ajambule tsambalo masana, pamalo owala. Onse awerenge asanalowe.

Patsikulo muwafunse mafunso atatu okha pa nkhani iliyonse. Kodi mpangankhani wamkulu, munthu amene nkhani ikukamba za iye, akufuna chiyani? Ndani kapena nchiyani chikumutsekereza? Akalephera ataya chiyani? Wolemba amene sangayankhe m'chiganizo chimodzi sanapeze nkhani, wapeza mutu chabe. "Ndikulemba za umphawi" ndi mutu. "Mayi wamasiye wa ku Chadiza ali ndi matumba 12 a nsawa, mwana wake akufunika ndalama za koleji Lolemba, ndipo mlamu wake akuti munda ndi zokolola zonse ndi za kwawo kwa malemu" ndi nkhani. Pamenepo pali munthu, pali chotchinga, pali tsiku lomaliza.

Mikangano yabwino ili pakhomo pathu pomwe. Kwa Achewa mwana amatsata kwa amayi ndipo malume ali ndi mawu aakulu. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa atate, makamaka malowolo akaperekedwa. Mnyamata wachingoni wa ku Mtenguleni akakwatira mtsikana wachichewa wa ku Mkaika, bambo n'kumwalira, funso lakuti ana apita kuti likhoza kunyamula buku lonse popanda mfiti kapena ngozi ya galimoto. Chofunika nchakuti mbali zonse ziwiri zikhale ndi chilungamo chake. Malume akangokhala woipa kuyambira tsamba loyamba, owerenga adziwa mathero msanga ndipo buku aliika pansi.

Chinthu chachiwiri choti muwaonetse ndi kusiyana kwa kuuza ndi kuonetsa. Ongoyamba amalemba kuti: "Mayiyo anali wosauka kwambiri ndipo ankakonda ana ake." Owerenga amva, koma sizinawakhudze. Yesani chonchi: "Anakutumula thumba kawiri pamwamba pa mphika, ufa wotsala n'kugwa ngati fumbi. Nsima itapsa anaomola mitanda itatu. Wamng'ono atafunsa kuti amama yanu ili kuti, anati anadya kale chinangwa kumunda." Mawu akuti umphawi kapena chikondi mulibe, koma zonse ziwiri zaoneka. Pa msonkhano aliyense asankhe chiganizo chimodzi cha "anali wokwiya" kapena "anali ndi mantha" m'nkhani yake, mumpatse mphindi 5 achisandutse chochitika, kenako awerenge.

Chiyambi nachonso. Asayambe ndi dzuwa kutuluka, mbalame kulira ndi munthu kudzuka kukasamba. Ayambire pamene zinthu zasokonekera: kalata yafika, ng'ombe yasowa m'khola, mlendo waima pakhomo ndi chikwama. Mbiri ya agogo ndi mmene mudzi unayambira zibwere pang'onopang'ono pamene owerenga ayamba kale kufunsa.

Za kutalika: ambiri amawerengera novelo kuyambira mawu 40,000. Munthu akamalemba mawu 500 tsiku lililonse amafika pamenepo m'masiku 80. Agawe m'mitu 20 ya mawu 2,000, ndipo asanayambe alembe mzere umodzi pa mutu uliwonse wonena chimene chasintha pofika kumapeto kwake. Mutu umene palibe chasintha uchotsedwe, ngakhale uli ndi Chinyanja chokoma chotani. Ndipo asabwerere kukakonza mutu woyamba asanamalize wotsiriza. Mabuku ambiri amafera pa mutu wachitatu chifukwa wolemba akupukutabe tsamba loyamba.

Miyambi ndi mchere. Umodzi woikidwa m'kamwa mwa nkhalamba pabwalo la milandu umagwira ntchito. Isanu pa tsamba limodzi imasandutsa novelo kukhala buku la mayeso.

Wowerenga ndi kukonza zolembedwa, Petauke

Aphunzitsi anena zoona, koma pa mawu 40,000 ndisiyana nawo pang'ono. Mabuku ambiri a nkhani a m'chinenero chathu ndi aafupi kuposa pamenepo, ndipo mawu athu amanyamula zambiri: "sindidzakuuzaninso" ndi liwu limodzi lomwe Chingerezi chingalimasule ndi mawu asanu ndi limodzi. Wongoyamba alinge pa mawu 20,000 mpaka 25,000. Buku lalifupi lomalizidwa lingakonzedwe, lalitali losamalizidwa palibe chochita nalo.

Chimene ndikufuna mutsimikize pa msonkhano woyamba ndi kalembedwe. Kuno ku Zambia, malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo amalemba ch pamene iwo amalemba tch. Ndiye kuno ndi cimanga, cifukwa, nchito, kutsidya kwa malire a Mwami ndi chimanga, chifukwa, ntchito. Zonse ndi zolondola kwawo. Wofuna kuti buku lake lidzalowe m'masukulu a kuno atsate ya kuno, wofuna owerenga a mbali zonse za malire angasankhe inayo. Cholakwika ndi kusakaniza, tsamba 4 cinthu, tsamba 9 chinthu. Aliyense akhale ndi pepala limodzi lolembapo zimene wasankha: mau kapena mawu, ndi maina a anthu onse a m'nkhani, zaka zawo ndi ubale wawo.

M'zokambirana za apangankhani ndi mosiyana. Wogulitsa tomato pa msika wa Kapata salankhula ngati buku la galamala, ndipo agogo a kuno ku Petauke akayamba kulankhula Chichewa cha pa wailesi m'malo mwa Chinsenga owerenga a kuno aseka. Wofotokoza nkhani agwire chinenero chimodzi chokhazikika, koma anthu ake alankhule monga kwawo. Sikofunika kulemba ndime yonse m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka cha ku Lundazi. Moni, liwu la ubale ndi mawu awiri atatu odziwika zikwanira kuti khutu limve kumene munthu achokera.

Ayang'anenso nyengo ndi zaka, chifukwa apa ndi pamene owerenga amagwira wolemba bodza. Mango sapsa mu June. Mbewa amakumba chilimwe, minda itakololedwa, osati chimanga chili m'maondo. Nc'wala imachitika kumapeto kwa February, Kulamba kumapeto kwa August, ndiye munthu sangachoke ku mwambo wina n'kupita ku unzake sabata yomweyo. Ndalama zathu zinachotsedwa maziro atatu mu January 2013, choncho nkhani ya mu 2010 ikhale ndi mitengo ya masauzande. Nkhani ya nthawi ya atsamunda inene Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Ndipo wokwera basi kupita ku Lusaka ali ndi makilomita opitirira 550 ndi mlatho wa Luangwa patsogolo pake, sangafike tiyi asanazizire.

Msungichuma wa gulu lina, Lundazi

Langa ndi la mbali ya kalabu. Lipoti la ndalama musaliwerenge pa foni, manambala amatayika netiweki ikadukaduka. Litumizeni masiku 3 msonkhano usanafike, patsikulo mungoyankha mafunso. Poyamba itanani maina mmodzimmodzi kuti mlembi adziwe ngati chiwerengero chofunika pa malamulo anu chakwana. Voti isakhale ya "tonse tavomera?", chifukwa amene maikolofoni ake ndi otseka amawerengedwa ngati avomera. Ikani voti pa gulu la WhatsApp, itsekedwe pa ola lodziwika, mlembi ajambule zotsatira. Zopereka za pa mobile money zipite ku nambala imodzi ndipo wotumiza aike uthenga wotsimikiza pa gulu. Achinyamata alowe pa linki yachiwiri yokha. Pa tsiku, kumbukirani kuti ena amapemphera Loweruka, ndiye Lamlungu cha m'ma 15:00 limakomera ambiri.

Mlembi wa kalabu, Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, achinyamata ena ndi amanyazi ndipo akuopa kusekedwa. Komanso anthu 8 pa mphindi 40 kapena 60 akwana bwanji?

Mphunzitsi wopuma wa Chinyanja, Katete

Sangakwane, a Mlembi, ndipo musawapanikize. Tengani anayi pa msonkhano uno, anayi pa wotsatira. Aliyense apatsidwe mphindi 10: zitatu awerenge mokweza ndime imene wasankha, zisanu anzake alankhule, ziwiri ayankhe. Kuwerenga mokweza musakudumphe, chifukwa pamene lilime lapunthwa ndi pamene chiganizo chili ndi vuto, ndipo wolemba amadzimvera yekha asanauzidwe. Ngati muli pa Zoom ya mphindi 40, owerenga akhale atatu kuti patsale nthawi ya ntchito ija yosandutsa chiganizo.

Pamene anzake akulankhula, mwini nkhani atseke maikolofoni ndi kulemba zimene akumva. Akayamba kudziteteza kuti "ndimatanthauza kuti", phunziro latha, pakuti owerenga buku sadzakhala naye pafupi kuti awafotokozere. Olankhula ayambe ndi chiganizo chimodzi chimene chawagwira mtima, achitchule ndendende. Kenako anene pamene anasokonezeka kapena pamene chidwi chinathera. Mawu akuti "ndi yabwino" ndi "siyikoma" aletsedwe, chifukwa sathandiza kukonza kanthu. Akuluakulu a kalabu alankhule pomaliza, apo ayi achinyamata angobwereza zimene amva kwa iwo.

Wamanyazi kwambiri atumize uthenga wa mawu pa WhatsApp akuwerenga ndime yake ali yekha, woyendetsa auseweretse patsikulo, kapena mnzake amuwerengere. Musanatseke, aliyense atchule chiwerengero cha mawu amene adzakhale atalemba pofika msonkhano wotsatira, mlembi alembe m'mabuku a kalabu. Amene akulemba pa foni azidzitumizira zolembazo pa imelo Lachisanu lililonse, ndipo a makope azijambula masamba atsopano tsiku lomwelo.