Ndithandizeni: ndikufuna kubisa geocache m'mbali mwa Chia

Anzanga a kuno ku Nkhotakota, ndabwera ndi vuto langa. Ndimachita masewera a geocaching, aja munthu amabisa kabokosi kokhala ndi kabuku kolembamo maina, n'kuika manambala a GPS osonyeza pomwe kali pa intaneti kuti ena akakafune. Anayambira ku Oregon, ku America, mu 2000. Ndikufuna kubisa kanga m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Chia, chifukwa alendo ambiri amangodutsa pamlatho wa msewu wa M5 osaima n'kuona mbalame za m'mabango muja. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Malamulo ake ndikuwadziwa: osakumba pansi, kabokosi katalikirane ndi kena mamita 161, ndipo mwini malo alole. Pomwe ndaima ndi pa chilolezopo. Kodi ndiyambire kwa amfumu a m'mudzimo, kwa komiti ya asodzi, kapena ku ofesi ya boma yoona zachilengedwe? Sindikufuna munthu akakapeze m'tchire n'kuganiza kuti ndi nsupa, mudzi wonse n'kuchita mantha chifukwa cha ine.

China ndi madzi. Mvula ikagwa mu Januwale ndi Febuluwale, malo ouma lero amamira. Kukamangirira m'mwamba pa nthambi kungathandize, koma ndikuopa kusokoneza zisa, komanso waya angapweteke mtengo. Alipo anayesapo chingwe china chosaola msanga?

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ng'ona ndi mvuu. Sindingatume mlendo pamalo oti angalumidwe. Inu amene mumasodza kumeneko, ndiuzeni mbali yomwe kuli mtunda wouma chaka chonse, kutali ndi njira za mvuu.