Za kafukufuku wanga wa kugumuka kwa nthaka ku Dedza, ndabwera ndi ripoti

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa kuti ndingayeze bwanji mmene madzi amalowera m'nthaka ya m'mapiri popanda zida zodula zija.

Ndinatsatira nzeru ya achimwene amene anati ndidule mapaipi awiri achitsulo, yaikulu ndi yaing'ono, ndikhomere pansi yaing'onoyo ili mkati, ndithire madzi monse muwiri kenako nkumaona ndi rula kuti akutsika bwanji pa mphindi iliyonse. Wowotcherera wa pa boma anandidulira ndipo zagwira ntchito bwinobwino. Mapu oonetsa kutsetsereka kwa malo ndapanga pa QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, ndi data ya SRTM yoonetsa kukwera kwa malo pa mamita 30 alionse, zonse zaulere, koma dziwani kuti tizigwembe ting'onoting'ono sitioneka pamenepo, mpaka uyende ndi mapazi.

Chandikhudza kwambiri ndi maenje amene ndakumba cha kumtunda kwa Linthipe. Pamwamba dothi lake ndi lofewa, limamwa madzi msangamsanga, koma ukangotsika pang'ono umapeza katondo wolimba kapena thanthwe, ndiye madzi amaima pamenepo nkumayenda chammbali, mvula ikagwa masiku angapo osaleka dothi lapamwambalo limalemera mpaka kutsetsereka. Pena ndimaona madzi akuchucha ndithu m'mbali mwa dzenje pamalire a madothi awiriwo.

Amene mukubwera m'mbuyomu, yambani mwakaonekera kwa amfumu musanakumbe m'munda mwa munthu, ndipo muwafunse agogo malo amene panadutsapo napolo kale, amakalozera okha. Kuyeza kwa madziko muchite nthawi yadzinja ndi yachilimwe yomwe, manambala amasiyana kutalitali. Maenje muzikwirira mukamaliza, ana ndi mbuzi angagweremo.