Mpikisano wa mabwato pa madzi othamanga: bwanji wofika msanga akuluza?

Wa_ku_Linthipe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndaonera pa YouTube mpikisano wa dziko lonse wa timabwato tija amati canoe slalom, umene unachitikira ku Lee Valley kufupi ndi London mu 2023. Munthu akupalasa yekha pa madzi a mkokomo, akuzemba timitengo tolendewera pa zingwe. Chandizunguza mutu n'chakuti wina watsika ngati mphezi koma pa mndandanda ali kumunsi, pamene wooneka wodekha ali pamwamba. Amawerenga bwanji? Nanga mitengo yobiriwira ndi yofiira ikusiyana pati?

Mphunzitsi_Bembeke:
Achimwene, wotchi yokha siweruza mlandu umenewu. Mitengo iwiriiwiri ija ndi zipata. Pa malamulo a bungwe la ICF, loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, zimakhala pakati pa 18 ndi 25, chilichonse ndi nambala yake, ndipo mumazidutsa motsatana. Chobiriwira mumalowa motsata madzi. Chofiira mumayamba mwachipitirira, n'kutembenuka, n'kulowa chokwera molimbana ndi madzi. Zofiirazi sizichepera 6.

Mukakhudza mtengo, kaya ndi nkhafi, bwato, phewa kapena chipewa, amakuwonjezerani masekondi 2. Mukaphonya chipata, kulowera mbali yolakwika, kapena kudutsa bwato litagadabuzika, ndi masekondi 50. Ulendo wonse umatenga masekondi pafupifupi 100, ndiye amene wapatsidwa 50 zake zada basi. Chipata chimawerengedwa pokhapokha mutu wonse ndi gawo la bwato zadutsa pakati pa mitengo nthawi imodzi. Mutu ukalowa theka, ndi 50 yomweyo, n'chifukwa chake oweruza amabwereza kanema asanatsimikize.

NaNtcheu_Masewero:
Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere za chipata chofiira, chifukwa mpikisano umathera pamenepo. Amachipachika kuseri kwa mwala kapena m'mphepete, pamene madzi amazungulira n'kumabwerera kumtunda. Pakati pa madzi othamanga ndi obwererawo pali mzere wooneka ndi maso. Mphuno ya bwato ikangodutsa mzerewo, madzi obwerera amaigwira, othamanga n'kukankha kumbuyo kwake, bwato limazungulira lokha. Katswiri amangozika nkhafi kamodzi pafupi ndi mtengo wamkati, n'kumiza kumbuyo kwa bwato kuti kudutse pansi pa mtengo osaukhudza.

Zolakwika zake ndi ziwiri. Mukalowa motsika kwambiri, mumapalasa katatu kapena kanayi kuti mukwere kufika pa chipata, nthawi ikupita. Mukapanda kupendeketsa bwato kuloza mkati mwa khona, madzi amakwera pa m'mphepete mwake n'kukugubuduzani. Wodekha munamuona uja anali atawerenga madzi ali pamtunda, poti njira ya zipata saloledwa kuiyeserera mpikisano usanayambe.

Muonenso mmene amakhalira m'bwato, poti mitundu ya mabwato ilipo iwiri, K1 ndi C1. Wa K1 amakhala pansi miyendo kutsogolo, nkhafi yake ili ndi makutu mbali zonse. Wa C1 amagwada, nkhafi ya khutu limodzi. Pa Olympic ya ku Paris mu 2024 bwato silimaloledwa kuchepera mamita 3.5 m'litali ndi makilogalamu 9 kulemera, ndipo Jessica Fox wa ku Australia anatenga golide pa mitundu yonse iwiri.

Wa_ku_Linthipe:
Zikomo achemwali, tsopano zamveka. Koma a mu Africa alipo amene anapambanako? Ndipo anyamata angayesere pa Linthipe pano ndi bwato losema?

Mkulu_wa_ku_Mtakataka:
Alipo mwanawe. Benjamin Boukpeti wa ku Togo anakhala wachitatu pa K1 ku Beijing mu 2008, ndipo inali mendulo yoyamba ya Olympic ya dziko lakelo.

Za bwato losema pa mathithi, ayi ndithu. N'lolemera, silitembenuka msanga, ndipo pamwamba m'posatseka, funde limodzi ladzaza. Bwato la mpikisano limatsekedwa ndi chovala cha labala chomanga m'chiuno mwa wopalasa, moti likagadabuzika amalidzutsa ndi chiuno ndi nkhafi ali momwemo. Lusoli amaliphunzira pa madzi odikha, mphunzitsi ataima pambali m'madzi ofika m'chiuno.

Ngati anyamatawo akufunadi, ayambire pa dziwe lodziwika kuti mulibe ng'ona, nthawi ya chilimwe. Kokani chingwe kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina, mupachike nsungwi ziwiri motalikirana mita ndi theka, nsonga zake zisafike pa madzi, zitsale ngati chikhatho chimodzi. Aliyense akhale wodziwa kusambira, avale jekete yoyandamitsa ndi chipewa cholimba, ndipo pamtunda pakhale munthu ndi chingwe choponya. Linthipe ikadzaza mu Januwale ndi Febuluwale musayandikireko. Madzi amatope amabisa mitengo yogwa, ndipo munthu akapanikizidwa pa nthambi madzi akumukankha, ngakhale amuna atatu samuzula. Ogwa m'madzi othamanga asayese kuimirira, phazi limakodwa m'miyala. Agone chagada, miyendo kutsogolo, mpaka pamene madzi afatsa.