Ndithandizeni: rogue wanga woopseza anthu akufika pogonjetsa chinjoka ndi diso lokha

Moni akuluakulu nonse apagulu. A admin mundipirire, nkhaniyi ndi yaitaliko, koma popanda manambala simungathe kundithandiza.

Ndikukonza subclass (nthambi) yangayanga ya rogue, munthu wa machenjera ngati mbava, mu Dungeons & Dragons, masewera a pa tebulo oponya dayisi, malamulo a 2014. Mnzathu wina pa tebulo lathu akufuna kusewera ngati wotolera ngongole za mabwana a mbava mumzinda. Sakufuna kubisala mumdima ngati Assassin kapena kuthyola maloko ngati Thief. Akufuna munthu woti akangoima pakhomo, amene ali ndi ngongole ayambe kutuluka thukuta. Mu Player's Handbook rogue wotere mulibe. Swashbuckler wa mu Xanathar's Guide to Everything ndiye wayandikirako chifukwa amadalira Charisma, koma uja ndi wa matama ndi kunyengerera, osati woopsa. Wangayu ndamutcha Chigandanga.

Mukudziwa kuti rogue amalandira zinthu za subclass pa level 3, 9, 13 ndi 17 basi. Kuchoka pa 3 kufika pa 9 ndi ulendo wautali, ndiye chimene ndingaike pa level 3 ndicho mnzathuyu adzadye kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake ndaikapo mphamvu.

Pa level 3 akupeza proficiency (nambala yowonjezera pa dayisi) mu Intimidation, luso loopseza, ndiponso chinthu chimene ndachitcha Diso Lofiira. Ndi bonus action (kachochita kowonjezera pa turn yake), amasankha mdani amene ali pamtunda wosapitirira mafiti 30 ndipo akumuona kapena kumumva. Iye aponya Intimidation, mdani aponya Insight, luso lozindikira maganizo a ena. Rogue akapambana, mdaniyo akhala frightened (wogwidwa mantha) mpaka kutha kwa turn yotsatira ya rogue, ndipo Sneak Attack (damage yowonjezera ya rogue) ilowa pa iyeyo ngakhale popanda advantage (kuponya dayisi ziwiri n'kutenga yaikulu) kapena mnzake pafupi. Pa level 9, akagwetsa munthu ndi Sneak Attack, adani onse amene aona agwidwa mantha. Level 13 ndi za kufunsa mafunso akaidi kunja kwa nkhondo, level 17 sindinaikhudze kwenikweni.

Pamene mutu waima ndi apa. Rogue ali ndi Expertise, imene imawirikiza proficiency. Pa level 11 proficiency ndi +4, kuwirikiza ndi +8, kuphatikiza Charisma +3 ndi +11. Level yomweyo Reliable Talent ikulowa, dayisi iliyonse yochepera 10 imawerengedwa 10. Ndiye kuti munthuyu sangatsike pa 21. Ndinatsegula Monster Manual pa adult red dragon: Wisdom 13, Insight alibe, kutanthauza +1. Chinjokacho chikaponya 20 chifika pa 21, kungofanana basi. Mbava yonyamula mpeni ikuopseza chinjoka turn iliyonse, mwaulere, mpaka nkhondo kutha.

Koma mtima sukufuna kuchotsa Intimidation. Cholinga chonse n'chakuti mnzathuyu azimva kuti skill imene wasankha ikugwira ntchito pa nkhondo. Ndichite bwanji kuti dayisi ya Intimidation ikhalebe m'manja mwake koma DM (woyendetsa masewera) asalire?

MAYANKHO

Woyankha woyamba:
Achimwene, vuto mwaligwira kale. Mantha asamabwere ndi mpikisano wa ma check, azibwera ndi saving throw (save), dayisi imene mdani amaponya kuti adziteteze. Onani anzake: Menacing Attack ya Battle Master ndi Wisdom save, ndipo imadya superiority die. Intimidating Presence ya Berserker imabwera pa level 10, imadya action yonse, ndi Wisdom save, ndipo amene wapulumuka sungamuyesenso kwa maola 24. Inu mwapereka zoposa pamenepo pa level 3 ndi bonus action. Ikani DC (nambala imene mdani ayenera kufika) ya 8 + proficiency + Charisma. Pa level 11 ndi 15. Chinjoka chija chili ndi +7 pa Wisdom save, ndiye chilephera kokha dayisi ikagwa 7 kapena kutsika, mwayi wa 35 peresenti. Chinanso, Legendary Resistance, mphamvu yosandutsa save yolephera kukhala yopambana, imagwira pa save, siigwira pa check. Mmene mwalemberamu mwalambalala chitetezo chachikulu cha zilombo zikuluzikulu zonse.

Woyankha wachiwiri:
Ine ndikusiyana pang'ono ndi amene ayankha pamwambawa. Check musaitaye, mungoigawa ntchito. Inquisitive, rogue wa m'buku la Xanathar lomwelo, amaponya Insight kulimbana ndi Deception ya mdani, akapambana amapeza Sneak Attack kwa mphindi imodzi. Palibe amene amadandaula nazo, chifukwa masewerawa anawakonza poyembekezera kuti rogue azipeza Sneak Attack pafupifupi turn iliyonse. Ndiye Intimidation izitsegula Sneak Attack yokha. Apambane nthawi zonse, zilibe kanthu, wangopeza chimene chinali chake kale. Frightened ndiye ikhale ya save, ndipo muiwerengere: kangapo kofanana ndi proficiency bonus pa long rest (kupuma kwakutali). Mnzanuyo aziponyabe dayisi yake mosangalala.

Komanso bonus action imeneyo ndi mtengo weniweni kwa rogue. Akaopseza sangachite Hide kapena Disengage ya Cunning Action. Aima pomwepo maso ndi maso, ali ndi d8 hit die ndi zovala zachikopa. Zimenezi zikugwirizana ndi munthu amene mukumufunayo, musazisinthe.

Wofunsa:
Zikomo mayi, kugawa kumeneku kwandikhala bwino. Nanga Strength? Mnzathuyu akufuna chimunthu cha matupi, osati kamnyamata kopepuka.

Woyankha wachiwiri:
Player's Handbook imalola kale DM kuitanitsa Intimidation ya Strength, chitsanzo chake ndi half-orc barbarian. Ingolembani kuti DC itha kutenga Strength kapena Charisma. Ndipo muloleni achite Sneak Attack ndi chibonga. Club ndi 1d4, mace ndi 1d6, pomwe rapier imene amaloledwa kale ndi 1d8. Simukuwonjezera damage, mukungosintha chithunzi. Chenjerani ndi zida za manja awiri zokha. Kumbukiraninso kuti akataya Dexterity AC (nambala ya chitetezo) yake igwa, mwina medium armor ingamupulumutse.

Woyankha wachitatu:
Bwanji osaba nzeru ku malamulo a 2024? Kumeneko rogue pa level 5 ali ndi Cunning Strike: amachotsa dayisi pa Sneak Attack n'kugula nazo zinthu monga Trip kapena Poison, chilichonse 1d6. Inunso pangani kuti mantha azigulidwa. Pa level 5 Sneak Attack ndi 3d6, akachotsa imodzi wataya damage ya 3.5 pa avareji. Turn iliyonse azidzifunsa, ndimupweteke kapena ndimuopseze? Simufunikanso kuwerenga kuti wagwiritsa kangati. Ine ndingaike 2d6, chifukwa disadvantage pa ma attack onse a mdani ndi chinthu chodula.

Woyankha wachinayi:
Nonse mukuopa kuti akhala wamphamvu kwambiri, ine ndikuona tsiku limene adzakhale wopanda pake. Ma golem sagwidwa frightened. Gelatinous cube sichigwidwa. Lich ayi. DM wanu akakulowetsani m'phanga lodzaza zoterezi, subclass yonse yafa. Apa mpamene ganizo logawa lija likupambana, bola mulembe momveka kuti gawo la Sneak Attack ligwira ngakhale pa amene saopa.

Level 9 yanuyo ndiye muiike malire. Ngati palibe save, munthu azisunga ka goblin kofooka dala kuti akagwetse n'kuopseza chipinda chonse. Ikani save, kamodzi pa short rest.

Woyankha wachisanu:
Ine ndine DM, nkhawa yanga ili pa level 13. Frightened siikakamiza munthu kuthawa kapena kuulula. Imangomupatsa disadvantage pamene akuona chomuopsacho, n'kumuletsa kuyandikira. Mukalemba kuti mkaidi ayenera kunena zoona, mwapha nkhani zonse zofufuza, ndipo bard wa pa tebulopo ntchito yamuthera. Munthu wamantha amanena zimene akuganiza kuti womuopsezayo akufuna kumva. Lembani kuti mkaidi ayankha funso limodzi, ndipo rogue adziwa ngati wanama. Zikatero DM akhalabe ndi mpata, ndipo woopsezedwayo akhoza kukanena kwa alonda mawa lake.

Wofunsa:
Mwandithandiza kwambiri akuluakulu. Ndatenga izi: Intimidation itsegule Sneak Attack kwa mphindi imodzi, mantha akhale a Wisdom save, chibonga chiloledwe. Ndatsala pamphambano pa mtengo wa manthawo. Pa level 3 Sneak Attack ndi 2d6 yokha, ndiye mtengo wa 2d6 ungadye yonse. Ndiyambe ndi 1d6 n'kukweza pa level 9, kapena ndibwerere ku kuwerenga pa long rest? Amene munayesapo Cunning Strike pa tebulo, osewera anu amalolera kutaya dayisi kapena amangomenya basi?