Malaibulale awiri akufuna NumPy yosiyana: ndichite bwanji?

Akatswiri anzanga, ndikupempha thandizo pa pulogalamu imene ndikulemba m'chiyankhulo cha Python. Laibulale (pulogalamu yolembedwa kale yoti ena aigwiritse ntchito m'mapulogalamu awo) ina yomwe ndakhala ndikuidalira imagwira ntchito ndi NumPy (laibulale yochitira masamu) yakale yokha, ya m'gulu la 1, pamene ina imene ndangoiwonjezera kumene ikufuna NumPy 2, yomwe inatuluka mu 2024. Ndikalamula pip, chida choikira malaibulale, kuti iike zonse pamodzi, imakana n'kungolemba kuti ResolutionImpossible, kutanthauza kuti yalephera kupeza mitundu yogwirizana.

Ndinayesa kukakamiza ndi --no-deps (lamulo louza pip kuti isalabadire malaibulale ena ofunikira), zimene ndikuvomereza kuti sizinali zanzeru, ndipo pulogalamuyo inaima itangofika pa mzere wa import, woitanira malaibulalewo. Popeza venv (malo apadera oikamo malaibulale a pulogalamu) imodzi singasunge mitundu iwiri ya laibulale imodzimodziyo, kodi ndifunefune mtundu wakale wa laibulale yatsopanoyo umene ungalole NumPy 1, kapena ndigawe pulogalamuyo pawiri, gawo lililonse likhale ndi venv yakeyake?