Thandizeni: system-config-securitylevel ikufufuta malamulo anga a iptables

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ku ofesi tili ndi seva yakale ya CentOS 5 (mtundu wina wa Linux). Ndikudziwa kuti inasiya kulandira ma update mu 2017, musandikalipire, ndalama yogulira ina abwana sanatulutse.

Ndinalemba pamanja lamulo lotsegula port 3306 (khomo lolowera pa netiweki) ya MySQL, pulogalamu yosunga deta, mu /etc/sysconfig/iptables, fayilo ya malamulo olola kapena kuletsa makompyuta ena kulumikizana ndi seva, ndipo zonse zinkayenda bwinobwino. Dzulo ndinatsegula system-config-securitylevel, pulogalamu yokonzera malamulo amenewa, kuti ndilole Samba (yogawirana mafayilo ndi makompyuta a Windows), nditangodina OK, lamulo langa lija lapita. Fayilo yonse yalembedwanso mwatsopano, mwangotsala za RH-Firewall-1-INPUT zokha, zimene pulogalamuyi imalemba yokha. Anzanga owerengera ndalama anakhala m'mawa wonse osagwira ntchito chifukwa sankatha kulumikizana ndi MySQL.

Ndinayesa kuika 3306 pa malo a "Other ports" mu pulogalamu yomweyo, ndipo yatsegukadi, koma yatsegukira aliyense. Ine ndikufuna makompyuta a mu ofesi okha, a 192.168.1.0/24, ndipo poikira zimenezo sindikupaona.

Kodi ndi vuto la pulogalamuyi kapena ndi mmene anaipangira? Pali njira yoti isamakhudze malamulo olemba pamanja, kapena ndingoisiya n'kumagwiritsa ntchito service iptables save (yosungira malamulo mu fayilo ija) basi? Amene munakumanapo nazo, munatani?