Bambo akuti achedwa, Mulungu sangawalandire. Ndiwauze chiyani?

NaPhiri wa ku Mufakose

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Bambo anga akudwala, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tizingowasamalira kunyumba. Chikuwasautsa kwambiri si thupi, ndi mtima. Usiku sagona, amangoti, "Ine ndachedwa, Mulungu sangandilandire."

Anachoka ku Dedza ali mnyamata, Harare akadali Salisbury, kudzagwira ntchito ya ukhukhi kwa azungu. Kumudzi anasiya mkazi ndi mwana wamkazi wakhanda. Sanabwerereko, ngakhale kalata sanalembe. Anasanduka mtchona. Kuno anakwatira mayi anga, ndipo zaka zambiri zinathera ku mowa ndi kudambwe. Analowa kalasi atamera kale imvi, anabatizidwa ku CCAP, ndipo kuyambira pamenepo sanajombe kutchalitchi mpaka miyendo itakana. Koma akamawerengera amati zaka zoipa zachuluka, zabwino zachepa, sikelo singapendekere kwawo.

Msuweni wanga amapemphera kwa mneneri wina, ndiye akuti tibzale mbewu ya madola, tigule mafuta odzozedwa, kuti mlandu wawo ufafanizidwe kumwamba. Zimenezo ndakana. Ndinawawerengera Aefeso 2:8-9, kuti tapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito. Koma Baibulo amalidziwa bambowa. Anandibwezera Yakobo 2:24, kuti munthu ayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha. Mawu anandithera. Kodi Paulo ndi Yakobo akutsutsana? Sindikufuna kuwanamiza kuti angogona bwino. Ndikufuna ndiwauze choonadi.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mayi, pepani ndi matenda. Mwachita bwino kukana za mbewuzo. Malonda amenewo si atsopano. Mu 1517 Johann Tetzel ankayendayenda ku Germany kugulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, ndipo n'zimene zinachititsa Martin Luther kulemba mfundo zake 95 ku Wittenberg.

Luther ankadwala nthenda ya bambo anu yomweyi. Anali mmonke wakhama, wosala zakudya, woulula machimo nthawi yaitali mpaka womulapitsa kutopa naye, koma mtendere osaupeza. Chinamumasula ndi Aroma 1:17, atazindikira kuti chilungamo chimene Mulungu amafuna kwa ife ndi Iye yemwe amatipatsa.

Choncho musalimbane ndi bambo pa nkhani ya sikelo, kuwauza kuti ayi bambo, zabwino zanu zilipo zambiri. Akudziwa okha kuti sizikwana, ndipo akunena zoona. Zanga sizikwananso. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pa funso 60, amayambira pomwepo: chikumbumtima chikundineneza kuti ndalakwira malamulo onse a Mulungu, komabe Mulungu, popanda kuyenera kwanga, amandiwerengera chilungamo cha Khristu ngati kuti sindinachimwepo, ngati ndingochilandira ndi mtima wokhulupirira.

Ife a kuno tiyenera kuimva msanga nkhaniyi. Ambiri tinabadwira muno mu Zimbabwe, makolo athu anathera mphamvu m'mafamu ndi m'migodi, koma chitupa chinkatitchulabe kuti ndife alendo. Thukuta lonse lija silinasinthe chilembo chimodzi. Chinasintha zinthu ndi Konsitityushoni ya 2013, itanena kuti wobadwira muno, kholo lake lili la dziko la SADC, ndi nzika. Wolimbikira ntchito ndi waulesi anaima pamzere umodzi. Kuyesedwa wolungama kuli choncho: wanena ndi mwini bwalo, ndipo wanena chifukwa cha Khristu.

Za Yakobo: onani kuti iye ndi Paulo onse akugwira vesi limodzi, Genesis 15:6, Abrahamu anakhulupirira Mulungu ndipo kunawerengedwa kwa iye chilungamo. Paulo pa Aroma 4 akuyankha munthu amene akufuna kugula malo kwa Mulungu. Yakobo akuyankha munthu amene amati ndili ndi chikhulupiriro, koma mbale wake ali wausiwa ndi wanjala amangomuuza kuti pita mumtendere. Chikhulupiriro chotero, akutero Yakobo, ngakhale ziwanda zili nacho. Abrahamu anayesedwa wolungama pa Genesis chaputala 15, ndipo pa chaputala 22, pamene anakwera phiri ndi Isake, zinaonekera poyera kuti chikhulupirirocho chinali chamoyo.

Pa mawu oti "ndachedwa", awerengereni Mateyu 20. Amene analembedwa ganyu dzuwa litapendeka analandira chimodzimodzi ndi amene anayamba m'mamawa.

Mphunzitsi wa katekisimu, Mbare

Ine ndine Mkatolika, ndipo ndikufuna ndiikepo mawu chifukwa nkhani ikafika pa Tetzel anthu amaganiza kuti ife timaphunzitsa kuti kumwamba kumagulidwa. Ayi. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent mu 1547 unanena kuti palibe chimene munthu amachita asanalungamitsidwe, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingamuyenereze chisomocho. Ndipo pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la ma Lutheran la dziko lonse anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu. A Methodist anachivomera mu 2006, a mipingo ya Reformed mu 2017.

Pamene ndimasiyana pang'ono ndi a Mkulu ndi pa chitupa paja. Kwa ife Mulungu sasintha pepala lokha, munthu n'kutsala momwe analili. Akamati ndiwe wolungama, amakulungamitsadi m'kati, amathira chikondi chake mumtima, monga akunenera Aroma 5:5. Ndipo mayi, ine ndikuona kuti zimenezi zachitika kale mwa bambo anu. Munthu amene kale ankagona tulo tofa nato atasiya mwana kumudzi, lero sakugona. Wamudzutsa ndani? Mtima wouma sulira chonchi.

Itanani abusa anu abwere ndi Mgonero. Wodwala amafunika kumva ndi makutu ake wina akumuuza kuti wakhululukidwa.

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Epworth

Akuluakulu, mundikhululukire, ine ndilankhula mowawa. Agogo anga aakazi ndi mmodzi wa akazi osiyidwawo. Amuna awo anapita ku Halale, osabwerera. Analera ana okha, ndi ganyu wa m'minda ya anthu, ndipo anamwalira akufunsabe aliyense wochokera kuno ngati anawaonako. Ndiye ndikamawerenga kuti wolimbikira ndi waulesi aima pamzere umodzi, mumtima mwanga mumawira. Mavesi onse mwatchulawa akutonthoza bambo ali pabediwo. Nanga mwana uja wa ku Dedza, amene pano ndi gogo ngati ali moyo, vesi lake ndi liti? Iye palibe wamufunsa. Mlandu wathera kumwamba, mwini kulakwiridwa asakudziwa n'komwe.

Sindikunena kuti bambowo akapse. Koma Zakeyu atalandira Yesu sanangoti aleluya. Anati amene ndinawalanda ndiwabwezera kanayi. Mwina bambo anu sakugona chifukwa pali munthu amene sanamupepese, ndipo inu mukufuna kuwagonetsa ndi Aefeso.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mwanawe, usapepese. Zimene wanenazi ndi Yakobo yemweyo, ndipo ine ndinazilambalala. Agogo ako analakwiridwa kwambiri, ndipo chisomo sichinena kuti zinali zazing'ono. Zikanakhala zazing'ono mtanda sukanafunika.

Koma tiyang'ane bwino Luka 19. Yesu anayamba ndi kunena kuti Zakeyu, tsika msanga, lero ndikhala m'nyumba mwako. Anali asanabweze ngakhale kobiri. Kubweza kunabwera munthu atalandiridwa kale. Dongosolo limeneli ndimaliumirira chifukwa cha bambo akudwalawa. Tikawauza kuti Mulungu akulandirani pokhapokha mwana uja akapezeka n'kukukhululukirani, nanga akapezeka kuti anamwalira? Nanga akakana, pakuti ali ndi ufulu wokana? Ndiye kuti chipulumutso chawo tachimangirira pa chinthu chimene sangachikwanitse, ndipo tabwerera ku sikelo kuja. Wachifwamba wa pamtanda analibe mpata wobweza kalikonse.

Komanso munthu woopa sapepesa bwino. Amapepesa kuti apulumuke iye. Amene wamva kuti walandiridwa ndiye angathe kunena kuti ndinakulakwira mwana wanga, osayembekezera kalikonse. Katekisma yemwe uja pa funso 64 amafunsa ngati chiphunzitsochi sichipangitsa anthu kutayirira, ndipo amayankha kuti n'kosatheka kuti wolumikizidwa kwa Khristu asabale zipatso za kuthokoza. Kwa bambowa chipatsocho chili ndi dzina, ndipo chili ku Dedza.

Mayi, auzeni zonse ziwiri, koma muyambe ndi choyamba.

NaPhiri wa ku Mufakose

Zikomo nonse. Achimwene a ku Epworth, mawu anu anandipweteka, koma ndi amene anandipatsa mphamvu yofunsa chimene m'nyumba mwathu sitinafunsepo. Dzulo nditawawerengera Mateyu 20 ndi Luka 19, ndinati, bambo, mwana uja dzina lake ndani? Analitchula pomwepo, ndi mudzi, ndi mfumu yake, ndi dzina la malume ake a mwanayo. Zaka zonsezi anali nazo pamtima.

Sindinganene kuti mantha atha. Usiku anafunsanso ngati Mulungu angawalandire, ndipo ndinawauza kuti inde, chifukwa cha Yesu, kaya achemwali angawo apezeka kaya ayi. Abusa abwera Lachinayi ndi Mgonero. Bambo akufuna ndiwajambule mawu pa foni mpweya ukadalipo, kuti akapezeka amve kuchokera pakamwa pawo.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ngati pali wina akukwera basi ya ku Malawi sabata ino kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, kapena amene ali ndi wachibale wodalirika ku Dedza woti angakafike kwa amfumu, andilembere kumbali. Mayina sindiwaika pano. Ya thiransipoti nditumiza ndine.